Tiana ta Trenchard: amakaniko amene ankalakalaka kuuluka

Ndege ya nkhondo imanyamula munthu mmodzi kapena awiri, koma kuti inyamuke pamafunika manja a anthu ambiri otsala pansi. Wina amasula injini, wina ayeza mapiko, wina aona mawaya a magetsi, ndipo ikangobangula n'kulowa m'mitambo onsewo amapukuta girizi m'manja n'kubwerera kushedi. Ku Britain, kwa zaka zoposa 70, anthu otsala pansiwa ankawaphunzitsa ntchito akadali anyamata pamalo otchedwa Halton, ndipo ambiri mwa iwo sanalowe usilikali chifukwa chokonda sipanala. Ankafuna kuuluka. Ndondomeko ya maphunziro inalibe malo a chilakolako chimenecho, choncho chinakapezera malo madzulo, Loweruka masana ndi Lamulungu akatuluka m'tchalitchi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, gulu la nkhondo la mumlengalenga la Britain, Royal Air Force kapena RAF, linachepetsedwa kwambiri chifukwa boma linalibe ndalama. Mkulu wake, Hugh Trenchard, anaona kuti kugula ndege zambiri n'kutaya chuma, popeza ndege zimakalamba msanga. Chofunika chinali kukonza anthu. Mu 1919 analemba chikalata chofotokoza mmene gululo lidzakhalire, ndipo mbali imodzi inali yokhudza amisiri. Amakaniko odziwa ntchito ankapeza ndalama zabwino m'mafakitale, sakanalola malipiro a msilikali wamba. Trenchard anati ngati ndi choncho, RAF ilere amisiri akeake. Itenge anyamata a zaka 15 kapena 16 amene akhoza mayeso, iwadyetse, iwaveke, iwaphunzitse kwa zaka 3, kenako aigwirire ntchito zaka zambiri.

Malo anali atapezeka kale. Halton, m'boma la Buckinghamshire kufupi ndi tauni ya Wendover, unali munda waukulu wa mpondamatiki wina, Alfred de Rothschild, amene anabwereka malowo kwa asilikali nthawi ya nkhondo. Iye atamwalira mu 1918 boma linagula munda wonse, nyumba yake yachifumu n'kusanduka modyera ndi mogona maofisala. Koma nyumba zogona anyamata zinali zisanathe kumangidwa, motero magulu oyamba, kuyambira mu 1920, anakayambira ku Cranwell m'boma la Lincolnshire, ndipo ku Halton anayamba kufika mu 1922. Kwa zaka zingapo malo onse awiri ankaphunzitsa. Asilikali akale, poona anyamata osamera ndevu akukwezedwa msanga kuposa iwo, ankawanyoza kuti tiana ta Trenchard. Anyamatawo analilandira dzinalo, ndipo mpaka lero nkhalamba zimene zinadutsa kumeneko zimadzitchula choncho monyadira.

Moyo wake sunali wa masewera. Pamlungu, maola pafupifupi 20 ankathera m'mashedi a ntchito, maola 8 m'kalasi kuphunzira masamu, sayansi, kujambula mapulani ndi Chingerezi, ndipo maola 9 pa perete ndi masewero olimbitsa thupi. M'mawa uliwonse ankatsika phiri pamzere kupita kuntchito, bandi ya zitoliro ili patsogolo. Miyezi yoyamba mnyamata sankaigwira n'komwe ndege. Ankampatsa chitsulo, tupa ndi vayisi, n'kumuuza kuti apale mpaka chikhale chosalala ndi cholingana mbali zonse. Mlangizi akabwera ndi choyezera n'kupeza kuti mbali ina yadyeka pang'ono, ntchito ya masiku angapo inkapita kudzala, mnyamata n'kuyambiranso ndi matuza m'manja. Akaweruka kunali kupolisha nsapato, kupukuta mabatani a mkuwa, kukolopa ndi kuyala bedi monga sajeni afunira. Ndalama ya m'thumba inali yochepa, ina ankasungiridwa mpaka tsiku lopita kutchuthi, ndipo malo oyendako analinso ndi malire.

Akuluakulu ankadziwa kuti anyamata mazanamazana otsekeredwa pamodzi, akakhala opanda chochita, amapanga zawo. Ndiye anadzaza nthawi yopuma ndi mpira, ragibe, nkhonya, kuthamanga m'mapiri a Chiltern, mabandi, ndi timagulu ta zokonda zosiyanasiyana. Pakati pa timagulu timeneti panali ta anthu opanga tindege toseweretsa, ndiponso makalabu ofuna kupanga ndege yeniyeni.

Kalabu yoyamba kutchuka inali ya ku Cranwell. Mu 1923 mphunzitsi wina wa zaumisiri kumeneko, Flight Lieutenant Nicholas Comper, anayambitsa Cranwell Light Aeroplane Club pamodzi ndi aphunzitsi anzake ndi anyamata ophunzira ntchito. Nthawi imeneyo boma la Britain linkafuna kandege kotsika mtengo kophunzitsira anthu, ndipo linkachititsa mipikisano pabwalo la Lympne ku Kent. Comper anajambula pulani ya ndege ya mapiko awiri osanjikizana, ya mipando iwiri yoyandikana, ndipo a kalabuyo anaipanga pa nthawi yawo yopuma. Anaitcha CLA.2. Injini yake, Bristol Cherub, inali ya masilinda 2 okha, mphamvu yake yongopitirira pang'ono mahatchi 30.

Ndege za masiku amenewo zinali ntchito ya kalipentala ndi telala. Nthiti iliyonse ya phiko ankaipanga ndi timatabwa topyapyala ta mtengo wa spruce, kutipinda pa thabwa lokhomedwa timisomali mozungulira kuti nthiti zonse zifanane, n'kumata guluu pamfundo iliyonse ndi kachidutswa ka pulayiwudi. Phiko limodzi linkafuna nthiti zambiri, ndipo mnyamata ankatha madzulo athunthu pa nthiti imodzi kapena ziwiri. Mafupa a phiko akatha, ankayalapo nsalu, kuisokerera ku nthiti iliyonse ndi singano yaitali, kenako n'kupaka mankhwala onunkha kwambiri amene amakoka nsaluyo mpaka iume gwa. Fungo lake linkapweteketsa mutu, makamaka m'nyengo yozizira zitseko za shedi zili zotseka. Komabe pano panalibe sajeni wokakamiza munthu. Ankabwera okha, ndipo luso limene masana ankaliona ngati chilango, madzulo linali ndi tanthauzo, chifukwa mfundo yomatidwa mwaulesi ikanatha kupha mphunzitsi wawo.

Pampikisano wa ku Lympne wa 1924 panali ndege za makampani akuluakulu monga Hawker, Bristol ndi Beardmore. Zambiri zinavutika ndi injini, zina zinalephera ngakhale mayeso oyambirira. Ya ku Cranwell inali yochedwa kuposa zinzake, koma inkangozungulirabe tsiku ndi tsiku, Comper ali pachiwongolero, mpaka inakwanitsa maola pafupifupi 18 mumlengalenga ndi mtunda woposa mamailosi 760. Inapata mphotho ya mapaundi 300 ya ndege yodalirika, ndalama zambiri ndithu nthawi imeneyo. Kalabuyo inapanganso CLA.3 mu 1925 ndi CLA.4 mu 1926. Comper pambuyo pake anasiya usilikali n'kutsegula kampani yake, ndipo kandege kake kotchedwa Swift kanauluka kuchoka ku England kukafika ku Australia mu 1931 m'masiku 9 ndi maola ochepa.

A ku Halton sanafune kutsalira. Halton Aero Club inakhazikitsidwa mu 1925, ndipo mphunzitsi wina, C. H. Latimer-Needham, anajambula ndege yotchedwa Mayfly, nayonso ya injini ya Cherub. Inachedwa, sinapezeke pampikisano wa 1926 umene anaipangira, koma inauluka kumayambiriro kwa 1927 ndipo inachita bwino pa mipikisano ya liwiro chaka chomwecho. Mu 1928 anaichotsa mapiko a m'munsi n'kuitcha dzina latsopano, Minus. Latimer-Needham naye anadzatsegula kampani, Luton Aircraft, imene mapulani a kandege kake ka Luton Minor anthu akhala akuwagwiritsa ntchito kupangira ndege m'magalaja a kunyumba.

Nkhani zimenezi zimakambidwa mokoma, koma pali mfundo imene okamba amakonda kuidumpha. Anyamata ndiwo ankapala matabwa ndi kusoka nsalu, koma tsiku louluka pachiwongolero pankakhala ofisala. Ndege imodzi ya mpando umodzi kapena iwiri sikanakwanira anyamata ochuluka chotero, inde, komanso RAF ya nthawiyo inali ndi khoma lalitali pakati pa maofisala, amene ambiri ankachokera m'mabanja olemera ndi m'sukulu zolipira, ndi ana a anthu wamba ovala ovolosi. Trenchard anasiyako timipata. Anyamata ochepa okhoza koposa m'gulu lililonse ankapatsidwa malo kukoleji ya maofisala ya Cranwell, ndipo ena, atagwira ntchito kwa kanthawi, ankaloledwa kuphunzira kuyendetsa ndege ali ndi udindo wa sajeni, kuuluka zaka zingapo, n'kubwereranso kushedi. Koma timipatato tinali topapatiza, ndipo kuti munthu aonedwe pakati pa anzake mazana ovala mofanana pankafunika china choposa mamakisi.

Frank Whittle ndiye chitsanzo chake. Anabadwira ku Coventry mu 1907, bambo ake anali mmisiri wa zitsulo. Mu Januwale 1923 anakhoza mayeso n'kufika ku Halton, koma patangotha masiku 2 madokotala anamubweza kuti ndi wamfupi, mafiti 5 okha, ndipo chifuwa chake n'chaching'ono. Anabwerera kwawo, anadya monga analangizidwira ndi kuchita masewero olimbitsa thupi kwa miyezi 6 mpaka anatalika mainchesi 3, koma anamukanabe poti lamulo silinkalola woyesedwa kale kuyesedwanso. Iye analembetsa ngati munthu watsopano, osaulula zakale, ndipo mu Sepitembala 1923 analowa ku Cranwell. Zimene anapeza sizinamusangalatse. Perete ndi malamulo zinamutopetsa, ndipo poona kuti mwayi woyendetsa ndege uli kutali, anaganizapo zothawa. Chinamugwira mwendo chinali kagulu ka opanga tindege toseweretsa. Kumeneko ankathera nthawi yake yonse yopuma, ndipo tindege take tinali topangidwa mwaluso kwambiri moti mkulu wa gulu lawo anayamba kumuyang'anitsitsa, n'kupeza kuti mnyamatayo analinso katswiri wa masamu. Mu 1926 anamuvomereza kuti apite kukoleji ya maofisala. Malo analipo 5, iye anali wa nambala 6, ndipo analowa chifukwa mmodzi mwa a patsogolo pake analephera mayeso a kuchipatala. Anauluka yekha ataphunzira maola 13 ndi theka. Mu 1928 analemba nkhani ya maphunziro yonena za ndege za m'tsogolo, mu 1930 analembetsa kuboma pulani ya injini ya jeti, ndipo pa 15 Meyi 1941 ndege yoyamba ya jeti ya Britain inanyamuka pabwalo la Cranwell lomwelo ndi injini yake. Anthu amati luso silibisika. Lake likanabisika bwinobwino pakanapanda kagulu ka madzulo kaja.

Si onse amene kuuluka kunawathera bwino. Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, ndege zamasewera zinaletsedwa, maphunziro a anyamata anafupikitsidwa, ndipo ambiri amene ankalota kukwera ndege anakweradi, kupita kukaphedwa. Thomas Gray, amene anaphunzira ku Halton, anali sajeni wolondolera njira m'ndege ya Fairey Battle imene inapita kukaphulitsa mlatho pa Albert Canal ku Belgium pa 12 Meyi 1940. Sanabwerere, ndipo anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross atamwalira.

Chimene chinatsegula mlengalenga kwa makaniko wamba chinachokera kwa adani. Pangano la Versailles la 1919 linaletsa Germany kukhala ndi ndege za nkhondo, choncho achinyamata a kumeneko anatembenukira ku ndege zopanda injini, ma glider, ndipo kuyambira mu 1920 ankasonkhana chaka ndi chaka paphiri la Wasserkuppe. Anaphunzira kuti mphepo ikaomba phiri imakwera, ndipo ndege ikhoza kuyandama pamwamba pa phirilo kwa maola. Kenako anazindikira chimene aliyense woweta nkhuku amachiona masana a Okutobala, mphamba ikamazungulira pamwamba pa mudzi osakupiza mapiko koma n'kumakwerabe: nthaka yotenthedwa ndi dzuwa imatumiza mpweya wofunda m'mwamba, ndipo wodziwa kuzungulira mkati mwake amakwera nawo. Chipani cha Nazi chitatenga boma chinalanda masewerowa n'kuwasandutsa sukulu ya mkaka ya oyendetsa ndege za nkhondo. Motero asilikali a Britain atalowa m'Germany mu 1945 anapeza ma glider ambirimbiri m'mashedi, a mtundu wa Grunau Baby ndi ena, ndi mawinchi owakokera m'mwamba omwe. Nkhondo inali itatha, nthawi inalipo yambiri, ndipo anayambitsa makalabu pamalo monga Scharfoldendorf ndi Oerlinghausen. Kumeneko kopolo ankatha kuuluka, ngakhale kuphunzitsa ofisala.

Obwerera kwawo sanafune kuti zithere ku Germany. Mu 1949 anakhazikitsa bungwe la RAF Gliding and Soaring Association, ndipo cholinga chake cholembedwa chinali chakuti aliyense wa mu RAF athe kuuluka pa mtengo wotsika, makamaka iwo amene ntchito yawo ndi ya pansi. Makalabu anafalikira m'mabwalo ambiri, ndipo kuyambira mu 1963 likulu lake linali ku Bicester, mtunda wosatalika kuchokera ku Halton.

Tsiku la kukalabu yotere linkayamba m'mamawa ndi kukankha ndege kuzitulutsa m'shedi. Yophunzitsira yotchuka inali Slingsby T.21, ya matabwa ndi nsalu, yopanda denga, mphunzitsi ndi wophunzira atakhala phewa ndi phewa, mphepo ikuwaomba kumaso. Kumapeto ena a bwalo kunkakhala winchi, injini yokulunga chingwe chachitsulo chotalika pafupifupi kilomita imodzi. Mnyamata wina ankagwada n'kukola chingwecho kumimba kwa ndege, wina atagwira nsonga ya phiko kuti lisagunde pansi, wachitatu akupereka chizindikiro kwa wa pawinchi, choyamba kuti akoke pang'onopang'ono mpaka chingwe chiwongoke, kenako kuti atsegule mphamvu yonse. Wogwira phiko ankathamanga masitepe ochepa n'kusiya, ndege n'kuloza mphuno kumwamba, kukwera mamita 300 kapena kuposerapo m'kanthawi kochepa. Pamwamba woyendetsa ankakoka kachogwirira, chingwe n'kugwa ndi kaparachuti kake. Tsiku lopanda mpweya wokwera, pakatha mphindi 4 kapena 5 anali atatera kale, ndipo anzake ankathamangira kukaikankha kubwerera poyambira, wina atapita ndi thirakitala kukakoka chingwe. Munthu ankatha kukankha ndege za anzake tsiku lonse, m'matope ndi m'chisanu, kuti apeze maulendo 2 kapena 3 a mphindi zochepazo.

Masewero amenewa ankayenerana ndi amakaniko kuposa wina aliyense. Ndege ikathyoka nthiti ankaikonza okha, winchi ikazima ankaimasula okha, chingwe chikaduka ankachilumikiza okha, ndiye mtengo unkakhala wotsika moti malipiro a wophunzira ntchito ankakwanira. Ndipo pabwalo la kalabu ulemu unkapita kwa wodziwa kuuluka. Mlangizi wamkulu wa ku Bicester kwa zaka zambiri, Andy Gough, sanali ofisala wa nyota zapamwamba, koma akuluakulu a RAF ankamumvera akakhala pampando wa wophunzira. Anamwalira mu 1982 akuonetsa luso la kuuluka pachionetsero ku Brize Norton.

Amene anafika patali koposa ndi George Lee, wobadwira ku Ireland, amene analowa RAF ali ndi zaka 16 monga wophunzira ntchito zaumisiri, n'kuyamba kuuluka pa glider mu 1963. Patapita zaka zochepa anasankhidwa kukaphunzira kuyendetsa ndege za nkhondo, ndipo anadzayendetsa Phantom. Koma dzina lake linamveka chifukwa cha masewero a Loweruka aja. Anapambana mpikisano wa dziko lonse wa ma glider a mapiko aatali katatu motsatizana, ku Finland mu 1976, ku France mu 1978 ndi ku Germany mu 1981.

Sitinganene kuti RAF inkachita zonsezi chifukwa cha chifundo chokha. Mnyamata amene ali pabwalo la ndege Loweruka sali kumowa, ndipo kalabu inali njira yotsika mtengo yoonera amene ali ndi dzanja ndi mtima wa woyendetsa ndege boma lisanamuwonongere ndalama zambiri. Palinso phindu lina limene sililembedwa m'mabuku a ndalama. Makaniko amene anakhalapo m'mwamba, moyo wake utadalira bawuti yomangidwa ndi mnzake, sasainira ntchito imene sanaione ndi maso ake. Pa zimenezi ndikuona kuti akuluakulu amene ankapereka shedi, mafuta a winchi ndi chilolezo cha Loweruka ankawerengera bwino kuposa anzawo amene ankaona nthawi yopuma ngati mpata wowonjezera perete.

Nkhondo yachiwiri itatha, ku Halton kunkabweranso anyamata ochokera kumaiko ena, monga Pakistan, Ceylon, Burma ndi Southern Rhodesia, amene anabwerera kwawo kukakhala amisiri a magulu a ndege a maiko awo. Mu 1952 Mfumukazi Elizabeth II inapereka mbendera yaulemu kusukuluyo. Keith Williamson, amene analowa monga wophunzira ntchito mu 1945, anakhala mkulu wa RAF yonse kuyambira 1982 mpaka 1985, pampando womwe uja wa Trenchard.

Koma dziko linasintha. Ana anayamba kukhalitsa kusukulu, ndege zinasanduka za makompyuta ndi zipangizo zongochotsa n'kuikapo zina, ndipo boma linaona kuti kulera mnyamata zaka 3 n'kodula. Gulu lomaliza, la nambala 155, linatsiriza maphunziro mu 1993, anyamata pafupifupi 40,000 atadutsa m'ndondomekoyi. Sukulu ya zaumisiri inasamukira ku Cosford, ndipo Halton inasanduka malo ophunzitsira asilikali ongolowa kumene. Kuuluka kwamasewera kokha ndiko kunatsala pabwalo lake la udzu: Halton Aero Club inapitirira, ndipo mu 2004 likulu la ma glider linachoka ku Bicester n'kubwera ku Halton komweko. Mu 2016 boma la Britain linalengeza kuti Halton idzatsekedwa ndi kugulitsidwa, koma tsiku lotsekera lasunthidwa kale kangapo.